Nyumba ndamanga, njinga ndagula, koma mumtima muli zii

Funso

Ndine bambo wa zaka 34, kwathu ndi m'mbali mwa nyanja ya Malombe kuno ku Mangochi. Ndakhala ku Joni zaka 9. Ndinayamba ndi ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga pa nyumba za anthu ku Johannesburg, kenako ndinakagwira m'sitolo ku Durban. Ndinabwerera chaka chatha. Nyumba ya malata ndamanga, njinga yamoto ndagula ndipo pali mnyamata amene amayendetsa kabaza, mlongo wanga ndamuphunzitsa mpaka wamaliza Fomu 4. Ndili ndi mkazi ndi ana awiri. Anthu amati ndinachita bwino. Koma ndikadzuka m'mawa sindidziwa chomwe ndadzukira. Kodi moyo uno cholinga chake n'chiyani, ndipo changa ndingachipeze bwanji? Kapena ndingobwerera ku Joni?

Yankho

Achimwene, kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo kachiwiriko ndinaima pa mawu akuti simudziwa chomwe mwadzukira. Ndikufunseni: pa zaka 9 zija, linakhalapo tsiku limene munadzuka osadziwa chomwe mwadzukira? Ndikukayika. M'chisanu cha ku Johannesburg mwezi wa Juni, kapinga atayera mbuu, inu mutagona anayi m'kachipinda kamodzi, munkadzuka ndithu, chifukwa m'mutu munali masamu: matumba a simenti atsala angati, malata angati, fizi ya teremu ino yakwana kapena ayi. Mwezi ukatha munkathamangira kotumizira ndalama, kenako foni n'kulira, mayi a kunyumba kunena kuti zafika. Moyo unali wowawa koma unali ndi kolowera. Bwana akakulankhulani zonyoza munkangomeza malovu, podziwa kuti chipongwe chimenecho mukuchisandutsa njerwa.

Ndiye ine sindikukuonani ngati munthu amene sanakhalepo ndi cholinga. Munali nacho, mwachigwira mpaka chatha. Chinthu chikatha chimasiya dzenje, ngakhale chitatha bwino. Vuto ndi loti maliro otere alibe okupepesani. Amene wabwera chimanjamanja kuchokera ku Lindela, kosungira alendo oti abwezedwe kwawo, anthu amamumvera chisoni. Amene wabwera ndi katundu pa lole akanena kuti mumtima muli zii, amamuyankha kuti wakhuta. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake mwalembera ine m'malo mouza anzanu pa bawo.

Njira imeneyi simunaiyambe ndinu. Agogo athu ankapita ku migodi kudzera ku Wenela, imene pambuyo pake inkatchedwa Teba. Mu 1974 ndege yonyamula anthu obwerera ku migodi itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu anaimitsa ulendowo. Unadzayambiranso pang'ono, n'kutheratu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Koma miyendo ya anyamata a kuno sinaime. Ku Namwera, ku Makanjira, kwa Katuli, kwa Chimwala, mnyamata amakula akudziwa kuti mwamuna amapita. Amamuuza basi yokwera, njira ya ku Mwanza ndi Tete mpaka ku Beitbridge, kokafikira, ngakhale kayankhidwe ka apolisi. Kupita tinakuphunzira bwino kwa mibadwo ingapo, mpaka tili ndi dzina la amene sanabwerere, matchona. Koma tsimba lophunzitsa munthu kubwerera sitinamangepo. Munthu amangotsika basi, anthu n'kumulandira katundu, basi nkhani yatha.

Palinso china chimene mtima wa munthu umachita, chomwe ambiri sakonda kuchimva: umazolowera. Mukukumbukira mvula yoyamba kugwa pa malata anu? Ndikhulupirira simunagone msanga usiku umenewo, mumamvetsera phokosolo ngati nyimbo. Lero mvula yomweyo ikagwa mumangodandaula kuti wailesi sikumveka. Mu 1978 akatswiri a za maganizo ku America anafunsa anthu amene anawina ndalama zambiri pa lotale n'kuwayerekeza ndi anzawo amene sanawine kanthu. Kusiyana kwa chimwemwe chawo kunali kochepa, ndipo owinawo sankamva kukoma kwenikweni pa tinthu ta tsiku ndi tsiku monga kucheza ndi mnzawo kapena kudya kadzutsa. Anafunsa anthu ochepa, ndipo wina asandimve ngati ndikunena kuti ndalama n'zachabe. Wonena zoterozo sanagonepo ndi njala, ndipo sanaone mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 n'kudya ndalama za anthu zili m'thumba. Ndalama imachotsa mavuto enieni, denga lodontha, mwana wobwezedwa kusukulu. Kungoti ikachotsa vuto siika kanthu pamalopo. Zili ngati kusosa munda: tchire lachoka, koma chimanga sichimera chokha.

Funso lanu lili pawiri, ndipo tiyeni tiwalekanitse. Lina ndi lalikulu: moyo wonsewu, wa anthu onse, unadzera chiyani? Limenelo anthu a kuno sayenda mtunda pofuna yankho. Kumzikiti ashehe adzakuuzani kuti munthu analengedwa kuti apembedze Mulungu ndi kusamalira dziko limene anaikizidwa. Kutchalitchi abusa kapena ansembe adzakuuzani zofananako m'mawu awo, kulemekeza Mulungu ndi kukonda mnzako. Alipo ena amene amati moyo subwera ndi cholinga, aliyense amadziumbira chake. Ine si shehe, si mbusa, ndipo sindingagamule mlandu umene wakhala pabwalo zaka zikwizikwi. Chimene ndaona pa ntchito yanga ya uphungu n'chakuti munthu akhoza kuloweza yankho lalikululo, n'kumaswali kasanu pa tsiku kapena kuimba kwaya Lamulungu lililonse, koma Lolemba m'mawa n'kudzukabe ngati mmene mukudzukira inumu. Yankho lalikulu limamuuza munthu komwe akupita, koma nthawi zambiri silimuuza chochita ndi manja ake 7 koloko m'mawa. Funso laling'onolo, la inuyo, pamudzi panu, chaka chino, ndi limene ndingathandizepo.

Ofufuza nkhaniyi amati munthu akamanena kuti moyo wake uli ndi tanthauzo amakhala akunena zinthu zitatu zolukana. Kuti mbiri ya moyo wake ikumveka, dzulo ndi lero zikugwirizana. Kuti ali ndi kolowera. Ndiponso kuti kukhalapo kwake kuli ndi kanthu kwa ena, moti atasowa pangaoneke mpata. Kugawa kotere ndimakukonda chifukwa kumathandiza kudziwa pomwe bwato likulowera madzi. Kwa inu kolowera kwatha, zimenezo taziona kale. Koma ndikukayikira kuti chachitatucho nachonso chagwedezeka, ndipo ndi chimene chikuwawa kwambiri ngakhale simunachitchule. Muli ku Joni munali wofunika tsiku lililonse. Foni yanu ikazima masiku awiri mtundu wonse unkada nkhawa. Mwabwera, mwapeza kuti pakhomo panaphunzira kuyenda popanda inu. Mayi a kunyumba amadziwa okha kogula feteleza, wokonza mjigo ukaonongeka, tsiku la sikelo ya mwana. Ana anakula ndi bambo wa pa WhatsApp, akadwala usiku amaitana amayi awo. Inu mwasanduka mlendo wolemekezeka m'nyumba yomwe munamanga nokha. Amakupatsani mpando wabwino ndi madzi osamba otentha, koma palibe amene amakutumani.

Pali dokotala wina wa matenda a maganizo wa ku Vienna, Viktor Frankl, amene nkhani imeneyi anaiphunzirira pamalo oopsa. Anali Myuda. Mu 1942 a Nazi, amene ankalamulira Germany, anamutenga pamodzi ndi banja lake, ndipo anadutsa m'ndende zawo zingapo kuphatikizapo Auschwitz mpaka anamasulidwa mu 1945. Bambo ake, mayi ake, mbale wake ndi mkazi wake anafera m'ndende zimenezo. Iye anasimba za akaidi awiri amene anafika ponena kuti palibenso chimene akuyembekezera pa moyo. Sanawalonjeze kuti zinthu zikhala bwino, chifukwa m'menemo lonjezo lotero likanakhala bodza. Anawathandiza kuona kuti pali chimene chikuwadikira iwowo: mmodzi anali ndi mwana kudziko lina, winayo anali wasayansi amene anasiya ntchito yolemba mabuku isanathe, yoti wina sakanaimaliza. Pamenepo ndi pomwe anatembenuzira funso. Ife timafunsa moyo kuti utipatsa chiyani, chonsecho moyo ndi umene ukutifunsa ife, ndipo timayankha ndi zochita zathu. Anatchula njira zitatu zoyankhira: ntchito imene munthu wagwira, munthu kapena chinthu chimene wachikonda, ndi mmene waimira pa mavuto amene sangawathawe.

Nditawerenga zimenezi koyamba ndinaseka pang'ono, chifukwa agogo anga aakazi, amene sanapondepo m'kalasi, ankanena zomwezo mwachidule. Munthu akayamba kudandaula kuti moyo ulibe phindu, iwo ankapitiriza kupeta ufa wawo n'kungomufunsa kuti, "Lero wadyetsa ndani?"

Pitani pamaliro alionse mukamvetsere bwino. Pali mbiri imene imanenedwa pagulu: anabadwa chaka chakuti, anaphunzira kwakuti, wasiya ana angati ndi zidzukulu zingati. Anthu amamvera mwaulemu, ena maso ali pa foni. Ndiye pali mbiri ina imene imanenedwa chapansipansi, pamoto usiku kapena pobwera kumanda. "Mkulu ameneyu ndi amene anandiphunzitsa kusoka ukonde." "Chaka cha njala chija anatigawira chinangwa, osanena n'komwe kuti tidzabweze." "Bambo anga atamwalira ndi iyeyu anakandilankhulira kwa amfumu za munda uja." Maliro ndayenda ambiri ku Mangochi kuno, koma sindinamvepo munthu akulira kuti malemu anali ndi malata a geji yakutiyakuti. Chichewa chathu sichikonda kufunsa kuti tanthauzo la moyo n'chiyani. Mawu amenewo amamveka ngati obwereka. Chimafunsa kuti uyu ndi munthu kapena si munthu. Wolemera wouma mtima timati si munthu uja, ngakhale ali ndi miyendo iwiri ngati ife tomwe. Umunthu ndi chinthu chochita, ndipo sungachichite uli wekha. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu.

Inu ndi wa kunyanja, chithunzi ichi mukuchidziwa kuposa ine, makamaka ngati munagonapo ku Msaka kapena ku Malembo nthawi ya mdima. Usiku wopanda mwezi siginala amatsogola yekha m'bwato lake ndi nyali, kale zinali za palafini, lero ambiri ndi mababu a batire. Amakhala phee, maso pamadzi, kudikira kuti usipa usonkhane pansi pa kuwalako. Iye sagwira ukonde. Alovi, anzake okoka ukonde, ali chapatali ndi ukonde wa chilimira, akudikira chizindikiro chake, ndipo akalakwitsa nthawi anthu onsewo akoka madzi okhaokha. Kukacha padoko pali amayi ndi mabeseni, wina wofutsa, wina woyanika pa thandala, mkulu wina pansi pa mtengo akusoka pomwe ukonde wang'ambika, mnyamata wa kabaza akudikira madengu opita kumsewu. Mufunseni siginalayo cholinga cha moyo wake, adzakuyang'anani ngati mwalawa. Koma madzulo akamakankha bwato sakayika chimene wadzukira, chifukwa akudziwa kuti iye akagona pali makomo amene sadya. Nyali yake ikhoza kuwala usiku wonse pakati pa nyanja osapha nsomba ndi imodzi yomwe. Imakhala ndi ntchito chifukwa pali ukonde umene ukuidikira.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi malangizo afala pa intaneti aja akuti khalani pansi, dziyang'aneni mkati, mupeze chimene munabadwira. Ndaona anthu akuyang'ana mkatimo mpaka kudwala nazo. Mkati mwa munthu muli nyali, inde: luso, chifundo, mkwiyo pa zinthu zina zokhota. Koma ukonde uli kunja, kwa anthu. Kafukufuku wina wautali kwambiri pa moyo wa munthu, amene anayambira ku Harvard mu 1938, anatsata amuna 724 kuyambira unyamata mpaka ukalamba, ena ophunzira pa yunivesiteyo, ena ochokera m'madera osauka a mzinda wa Boston. Pa amene anakalamba athanzi ndi okhutira, chimene chinaonekera kwambiri chinali ubale wabwino ndi anthu owazungulira, kuposa chuma kapena kutchuka.

Apa ndichenjeze, chifukwa mawu akuti umunthu anthu ena amawasandutsa chingwe chomangira mbuzi. Wobwera ku Joni aliyense amazidziwa: amalume akufuna ya mayendedwe, msuweni akufuna mpamba wa geni, wina foni yake yagwera m'madzi. Mukati mupereke zonsezo mudzatha ngati makatani, mumtima mudzakhalabe zii, n'kuwonjezerapo mkwiyo. Kufunidwa ngati thumba n'kosiyana ndi kufunidwa ngati munthu, pakuti thumba lililonse likhoza kulowa m'malo mwa linzake. Poyesera pake ndi apa: chimene akukupemphanicho, kodi wina aliyense wokhala ndi ndalama angachichite, kapena chikufuna inuyo, maso anu, nthawi yanu, zimene mukudziwa? Fizi ya mwana wanu wamkulu aliyense angalipire. Koma bambo wodziwa dzina la mphunzitsi wake ndi phunziro limene limamuliza, ameneyo sagulidwa pamsika, ndipo malo ake akhala opanda munthu zaka 9.

Tiyeni tione zina zimene zikudikira kwanuko. Nyanja ya Malombe imene mumaiona tsiku ndi tsiku inali nkhokwe ya chambo; akuluakulu a kwanuko angakuuzeni mmene ankadzazira mabwato. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chambo chinali chitatha pafupifupi chonse, maukonde a maso ang'onoang'ono monga nkacha atakokolola ndi tiana tomwe n'kuwononga zomera za pansi pamadzi pomwe nsomba zimabisala, ndipo anthu anatsala ndi kambuzi. Makomiti a m'madoko, aja timati ma BVC, anayambira ku Malombe komweko ndi kumtunda kwa Shire cha mu 1993, kuti asodzi eniake azisamala nyanja yawo. Ntchito imeneyo ndi yolemetsa mpaka lero, chifukwa woswa lamulo pa nthawi yotseka nyanja amakhala mlamu wako kapena mwana wa mlongo wako, ndipo imafuna anthu amene sangatsekedwe pakamwa ndi ndowa ya nsomba. Munthu amene ali kale ndi nyumba yake ndi njinga yomubweretsera kangachepe savuta kukana ndowa yoteroyo. Mwina simunaganizepo kuti zimene munakavutikira ku Joni zinakugulirani ufulu umenewo, wonena zoona pagulu osaopa kuti mawa mudya chiyani.

Sindikuti mukalowe komiti. Mwina nsomba sizikukhudzani mtima. Muli ndi zina m'manja. Munthu amene wasamalira minda ya maluwa zaka zingapo amadziwa kufesa mbewu pa nazale, kudulira mitengo, kupanga manyowa, kulumikiza mapaipi othirira. Inu mumaziona ngati ntchito yonyozeka ya kwa eni. Koma kwezani maso muone mmene mapiri otizungulira ametedwera ndi makala, nkhuni zowambira nsomba ndi zowotchera njerwa, ndiye mundiuze ngati munthu wodziwa nazale alibe chochita kuno. Wogwira m'sitolo amadziwa kulemba katundu wolowa ndi wotuluka, kusiyanitsa mpamba ndi phindu, zimene anthu ambiri a geni ndi a banki m'khonde zimawavuta, mpaka ndalama kuwathera osadziwa kuti yadzera kuti. Zaka 9 zija mukaziona motere zimasiya kukhala dzenje pakati pa moyo wanu, zimalumikizana ndi lero.

Sankhani chimodzi, chaching'ono, chokhala ndi anthu enieni oti mukapanda kubwera adzafunsa kuti muli kuti. Chipatseni miyezi itatu, tsiku lake ndi ola lake lodziwika pa sabata. Musadikire kuti mtima uyambe wafuna. Pa nkhani imeneyi miyendo ndi imene imatsogola, mtima umabwera pambuyo. Ndi njira yomwenso timagwiritsa ntchito pothandiza anthu amene mtima wawo wagwa, kuti ayambe kuchita, kukoma kuwapeze ali m'kati. Ikatha miyezi itatuyo mudzifunse ngati pobwerera kunyumba mumakhala mutatopa mokoma kapena mowawa, ndiponso ngati mwayamba kuganiza za anthuwo tsiku lisanakwane. Ngati ayi, siyani popanda manyazi, yesani china. Cholinga cha munthu chimasintha ndi msinkhu ngati mphepo za panyanja, mwera ndi nyengo yake, mpoto ndi nyengo yake. Cha zaka zanu za m'ma 20 chinali nyumba. Cha zaka za m'ma 30 sichikakamizidwa kufanana nacho, ndipo mwina sichidzaoneka ndi maso ngati malata.

Musathamangirenso kuwerenga zokolola. Mukadzafika ku Cape Maclear, ku Chembe, kaoneni manda a amishoni ali m'tsinde mwa phiri. Anthu amenewo anafika mu 1875 pa sitima yaing'ono ya Ilala, pakati pawo pali dokotala wachinyamata Robert Laws. Malungo anayamba kuwagwetsa mmodzimmodzi. Pofika mu 1881, chaka chimene anasamukira ku Bandawe, anali atabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe. Wowerengera aliyense akanati ntchito yalephera, manda achuluka kuposa obatizidwa. Koma mishoni yomweyo ndi imene inakakhazikika ku Khondowe mu 1894, ku Livingstonia, n'kuphunzitsa aphunzitsi, akalaliki ndi amisiri amene anafalikira m'maiko onse a kuno kummwera. Mmodzi mwa ophunzira ake, Clements Kadalie, anapita ku Joni ngati inu nomwe n'kukayambitsa bungwe lalikulu la ogwira ntchito achikuda ku Cape Town mu 1919. Laws anakhala m'dziko muno mpaka 1927. Za amishoni pali zambiri zoti tingatsutsane, ndipo ku Mangochi kuno tingatsutsane mpaka dzuwa kulowa. Mfundo yanga ndi ya nthawi chabe: munthu woima pamanda paja mu 1881 sakanaona Khondowe, sakanaonanso Kadalie.

Pali chinthu chimodzi chimene sindingachilumphe. Nthawi zina chimene munthu amachitcha kusowa cholinga chimakhala matenda, aja a kukhumudwa kwambiri amene achipatala amati depression. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo, pafupifupi tsiku lililonse, mtima uli pansi, zimene munkakonda sizikukomanso, tulo tasokonekera, chakudya sichikulowa, thupi lili lefu, mukudziona ngati wopanda pake, musayambe ndi nazale kapena komiti. Yambani ndi chipatala. Zipatala za m'maboma, kuphatikizapo chathu cha Mangochi, zimakhala ndi ogwira ntchito ophunzira za matenda a maganizo, ndipo kupita kumeneko sikutanthauza kuti akutumizani ku Zomba. Matendawa amachizika, ndi uphungu kapena ndi mankhwala. Ngati maganizo akuti bola kufa ayamba kubwera, uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira lero lomwe, ndipo mupite naye kuchipatala osadikira mawa. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amaonetsa kuti ambiri odzipha m'dziko muno ndi amuna, ndipo ine ndimati china chimene chikutimaliza ndi mawu aja akuti mwamuna salira. Samalaninso ndi zodzazira dzenje mwachangu, mowa, chamba ndi kubetcha pa foni. Njinga zambiri za ku Joni zathera kumeneko.

Za kubwerera ku Joni sindikuletsani, njala siimva malangizo a aphungu. Ngati pali chinthu chenicheni, chokhala ndi mtengo wake ndi tsiku lake lomaliza, monga injini ya boti kapena fizi ya koleji ya mlongo wanu, mapepala anu ali bwino, ndipo mayi a kunyumba avomera ndi mtima wonse, umenewo ndi ulendo. Koma ngati mukufuna kupita kuti mukamvenso kukoma kodzuka ndi masamu m'mutu, dziwani kuti mukungobwereka cholinga chakale. Chidzagwira ntchito zaka zitatu kapena zinayi, mudzamanga nyumba yachiwiri ya lendi, n'kubwera mukuyandikira zaka 40, funso lomweli likukudikirani pakhonde, ana atakula osazolowera kukutumani kanthu. Ndipo zimene zinachitikira alendo m'misewu ya kumeneko mu 2008, 2015 ndi 2019 mukuzidziwa kuposa ine.

Pomwe mungayambire sabata ino osataya ngakhale tambala ndi pa mnyamata amene amayendetsa njinga yanu uja. Loweruka akabwera ndi ndalama za sabata musangozilandira pakhomo n'kuwerenga. Mukhazikeni pamkeka, pabwere tiyi. Mufunseni mmene amasungira zake, ngati laisensi ndi chipewa ali nazo, ndi komwe akulinga. Ndikhoza kubetcha, ngakhale ndangoletsa kubetcha, kuti adzakuuzani kuti akusonkhanitsa ya pasipoti ndi ya basi. Pamenepo muli ndi zaka 9 za zinthu zimene palibe anakuuzani inu musananyamuke. Muuzeni zonse, zokoma ndi zowawa zomwe, za malipiro, za chisanu cha Juni, za anzanu amene anabwera m'bokosi, ngakhalenso za m'mawa uno umene mwandilembera. Akasankha kupita apite akudziwa. Kenako madzulo, ana atagona, afunseni mayi a kunyumba kuti pa ntchito zonse zimene akhala akusenza okha zaka zonsezi, ndi iti imene akufuna kutula. Mwina adzaseka kaye poganiza kuti mukucheza. Afunseninso mawa lake.